Kodi Mphamvu Imatha?

Mukasonkha moto, nkhuni zimatha koma mphamvu yake siitha ayi. Imasanduka kutentha kumene kumapsetsa nsima. Mphamvu siitayika, imangosintha. M'chaka cha 1918 mayi wina wodziwa masamu, Emmy Noether, anaonetsa kuti lamuloli limagwira ntchito pamene dzulo ndi lero zili chimodzimodzi.

Tsono tayang'anani mlalang'amba usiku kuno ku Bowe. Kuseri kwake kuli milalang'amba inanso yambirimbiri. Mu 1929 Edwin Hubble anapeza kuti ikunka nitalikirana nafe. Ndiye kuti thambo la lero ndi lotakata kuposa la dzulo. Kuwala kochokera kumeneko kumatamuka panjira ngati mphira wa legeni, n'kufika kuno kutafiira, mphamvu itachepa. Inayo yapita kuti? Palibe anaitola. Kumeneko lamulo la pamafuwa lija silikwanira.