Dotolo wa asilikali amayang'ana bala, osati nyenyezi za paphewa

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwalawirira ku chipatala cha ku Ulónguè, mwakhala pa benchi la ku Banco de Socorros mpaka dzuwa kukwera. Kenaka akubwera naye wina pa njinga yamoto, anamwino n'kumulowetsa nthawi yomweyo. Mtima ukuwawa: "Ine ndiye ndinayamba kufika. Ameneyu ndi m'bale wawo?" Kukondera kumakhalapo nthawi zina, tisabisane. Koma kawirikawiri chimene mwaonacho ndi lamulo la ntchito, ndipo lili ndi dzina. Pa Chipwitikizi amati triagem, ndiko kusankha woyamba kuthandizidwa poona kukula kwa vuto lake. Lamuloli silinabadwire m'chipatala. Linabadwira kunkhondo, m'manja mwa madotolo a asilikali.

Kale ku Ulaya, nkhondo ikagundika, ovulala ankasiyidwa pomwe agwerapo mpaka kumenyana kutatha. Ena ankagona pamenepo usiku wonse. Thandizo likabwera, ankayamba ndi akuluakulu a asilikali, msilikali wamba n'kudikira. Dotolo wina wa ku France, Dominique Jean Larrey, amene anabadwa mu 1766 ndipo anagwira ntchito m'gulu la nkhondo la Napoleon, anasintha zinthu ziwiri. Choyamba, anakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo, zothamangira kukatenga ovulala mfuti zikulirabe. Ambulansi imene mumaiona pa msewu wa ku Tete ndi mdzukulu wa ngolo zimenezo. Chachiwiri, analamula kuti wovulala kwambiri ndiye ayambe kuthandizidwa, kaya ndi jenerale kaya ndi wonyamula katundu, kaya ndi wathu kaya ndi mdani.

Mawu akuti "kaya ndi mdani" anadzamupulumutsa iye mwini. Mu 1815, pa nkhondo ya ku Waterloo, Larrey anagwidwa ndi asilikali a ku Prussia, ndipo anatsala pang'ono kuwomberedwa. Dotolo wa mbali ya adaniwo anamuzindikira. Anapita naye kwa mkulu wawo, Blücher, yemwe mwana wake anachiritsidwapo ndi Larrey atavulala pa nkhondo ina. Blücher anamumasula.

Zimene Larrey ankachita mwa khalidwe lake, lero ndi lamulo la mayiko. Mapangano a ku Geneva a 1949 amanena kuti ovulala kunkhondo athandizidwe mosasankha mtundu, chipembedzo kapena chipani, ndipo chokhacho chimene chingapangitse wina kuyamba ndi kuopsa kwa vuto lake. Amanenanso kuti dotolo, namwino, ambulansi ndi chipatala zisawomberedwe. Ndiye tanthauzo la chizindikiro cha mtanda wofiira. Moçambique anavomera mapanganowa mu 1983. Ife a ku Angónia tikudziwa kuti lamulo likhoza kulembedwa koma osatsatidwa. Pa nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, zipatala zazing'ono mazanamazana m'dziko muno zinawotchedwa, zinabedwa kapena zinatsekedwa, ndipo ambiri a inu munakalandirira mankhwala ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'misasa ya othawa nkhondo.

Kuchokera kutchire mpaka ku unduna

Dziko lathu lili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Samora Machel asanagwire mfuti anali namwino pa chipatala cha Miguel Bombarda, chimene lero ndi Hospital Central de Maputo. Anachokako mu 1963 kukalowa Frelimo. Koma munthu amene njira yake ikutiphunzitsa zambiri pano ndi Hélder Martins. Iye anamaliza maphunziro a udotolo ku Lisboa, n'kulembedwa ngati dotolo m'gulu la asilikali apamadzi a Apwitikizi. Mu 1961 anathawa usilikaliwo. Pambuyo pake anakagwira ntchito ya zaumoyo m'gulu la Frelimo ku Tanzania, akuchiritsa ndi kuphunzitsa achinyamata unamwino. Dziko litalandira ufulu mu 1975, iyeyo ndiye anakhala nduna yoyamba ya zaumoyo.

Taganizani vuto limene gulu lomenyera ufulu linali nalo. Madotolo anali owerengeka pa zala. Chipatala chachikulu cha Frelimo chinali kutali, ku Mtwara, m'dziko la Tanzania. Chinkatchedwa Américo Boavida, dzina la dotolo wa ku Angola amene anaphedwa mu 1968 akugwira ntchito pakati pa omenyera ufulu a kwawo. Munthu wovulala m'nkhalango za ku Tete, kumene nkhondo inakolezedwanso mu 1968, sakanadikira dotolo. Yankho linali limodzi: kuphunzitsa anthu wamba ntchito zochepa koma zopulumutsa moyo, monga kuletsa magazi, kutsuka bala, kumanga fupa lothyoka, ndi kudziwa amene ayenera kunyamulidwa msanga. Anthu amenewa ankatchedwa socorristas.

Mu 1975 vuto lomwelo linagwera dziko lonse. Madotolo ambiri achipwitikizi anachoka, otsala sanakwane 100 m'dziko lalikulu chonchi. Nzeru ya kutchire ija inagwiranso ntchito. Mu 1978 boma linayamba kuphunzitsa ma APE, anthu osankhidwa ndi mudzi wawo kuti azithandiza odwala kwawo komweko. Mukamuona APE wa m'mudzi mwanu akuyeza mwana malungo, dziwani kuti ntchito yakeyo ili ndi mizu kunkhondo.

Apa ndiye pali chimene ine ndimachiona kuti ndi mtima wa utsogoleri wa dotolo wa asilikali. Sayesedwa ndi manja ake okha. Amayesedwa ndi kuchuluka kwa anthu amene angagwire ntchito bwino iye kulibe.

Ovulala akachuluka kuposa manja

Pa 17 Novembala 2016, galimoto yonyamula mafuta kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, pa msewu wa ku Zóbuè womwe timadutsa popita ku Tete. Anthu anali atazungulira galimotoyo ndi zigubu, akutunga mafuta. Oposa 70 anafa m'masiku oyambirira, ndipo ena oposa 100 anapsa, ena mwa iwo ana. Boma linalamula masiku atatu a maliro m'dziko lonse. Ovulala anathamangitsidwa nawo ku Hospital Provincial de Tete.

Sinali nkhondo, koma kwa ogwira ntchito m'chipatala usiku wotero umafanana ndi nkhondo. Anthu 100 akupsa sangalowe m'chipinda cha opaleshoni nthawi imodzi. Mabedi sakwana, madiripi sakwana, magazi sakwana. Zikatero, dotolo wodziwa kwambiri nthawi zambiri sagwira mpeni. Amaima pakhomo. Aliyense wolowa amamuyang'ana mwachangu, mwina osakwana mphindi imodzi: akupuma? Magazi akutuluka kwambiri? Akuyankha akafunsidwa? Kenaka amamupatsa mtundu. Wofiira ndi amene afa posachedwa ngati sathandizidwa tsopano lino. Wachikasu ndi wovulala kwambiri koma angadikire pang'ono. Wobiriwira ndi amene akutha kuyenda yekha. Palinso wakuda, wa amene wamwalira kale kapena amene sangapulumuke ngakhale atachitiridwa zonse. Ameneyu, ngati akadali moyo, amapatsidwa mankhwala oletsa ululu, manja a madotolo n'kupita kwa ena.

Mtundu wotsirizawu ndi wowawa kuumva, ndipo ndi wowawa kwambiri kwa woupereka. Palinso china chimene chimasokoneza ife anthu wamba. Amene akukuwa kwambiri si amene ali pafupi ndi imfa. Kukuwa kumafuna mpweya ndi mphamvu. Woopsa ndi uja wangokhala chete, watuwa, akutuluka thukuta lozizira. Dotolo wa ngozi amaphunzira kudutsa wolira kuti akafike kwa wachete, abale a wolirayo akumutukwana kumsana.

Madotolo a asilikali amaphunzitsidwa zimenezi mobwerezabwereza, chifukwa kwa iwo kuchuluka kwa ovulala si ngozi ya kamodzi pa zaka khumi. Ku Cabo Delgado nkhondo ilipo kuyambira Okutobala 2017, ndipo ana a m'midzi ya kuno nawonso amatumizidwa kumeneko. Ndiponso pakagwa tsoka lalikulu, asilikali ndiwo ali ndi ndege, mabwato ndi mahema. Mphepo ya Idai itawononga Beira mu Malichi 2019, sitima zitatu za asilikali apamadzi a ku India zinali m'gulu la oyamba kufika, zili ndi madotolo awo, ndipo ndege za asilikali a ku South Africa zinkatola anthu pa madenga ndi m'mitengo.

Mwana wanu angafikeko bwanji?

Njira yake ndi yayitali, ndipo ili ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi sukulu. Mwana amalize kalasi 12, atakhoza bwino Biologia ndi Química, kenaka alembe mayeso olowera ku yunivesite. Udotolo umatenga zaka 6. Kale umaphunzitsidwa ku Maputo kokha, ku Universidade Eduardo Mondlane. Lero uliponso ku Beira, ku Nampula, ndi kuno kwathu ku Tete, ku UniZambeze, yunivesite yomwe ija ili ndi sukulu ya zaulimi ku Ulónguè. Akamaliza amalembetsa ku Ordem dos Médicos, bungwe loyang'anira madotolo. Wofuna ukatswiri, monga wa opaleshoni, amawonjezera zaka zina akugwira ntchito m'chipatala chachikulu.

Mwendo wachiwiri ndi usilikali. Dotolo wa m'gulu la FADM, asilikali a dziko lino amene anakhazikitsidwa mu 1994 nkhondo itatha, amavala yunifomu, amakhala ndi udindo wa ofisala, ndipo amapita kumene watumidwa. Akhoza kuyamba ndi kachipatala ka pa kambi, n'kudzafika ku chipatala cha asilikali cha ku Maputo kapena cha ku Nampula. Akamakwera, ntchito imasintha. Amagwira odwala ochepa, n'kumagwira mapepala ambiri: mankhwala atsala angati, magazi asungidwa kuti, ambulansi ili ndi mafuta kapena ayi, ndani aphunzitsidwe chaka chino. Ena amaiona ngati ntchito yogwetsa ulesi. Koma msilikali akafa chifukwa ambulansi inalibe dizilo, wamupha ndi pepala limene silinalembedwe.

Udindo wa pawiriwu uli ndi minga yake. Mkulu wa asilikali amafuna anyamata ake abwerere kunkhondo msanga. Dotolo amaona kuti bala silinapole. Mkulu angafune kuti wake ayambe kuthandizidwa, mkaidi wovulala adikire. Dotolo amene nyenyezi zake ndi zochepa ayenera kupeza mawu aulemu onenera kuti ayi. Zimenezi sizilembedwa pa satifiketi.

Si onse adzafike pa udotolo, ndipo si vuto. Ku Tete kuli Instituto de Ciências de Saúde, kophunzitsa anamwino ndi ma técnico, ndipo asilikali amawafunanso anthu otere. Kulembetsa usilikali kumachitika kumayambiriro kwa chaka kwa anyamata ndi atsikana amene akukwanitsa zaka 18. Mwana wamkazi musamuchotse pa mndandanda wa maloto amenewa.

Mphindi zoyamba ndi zanu

Kuchoka ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200. Kuchoka ku Dómuè, onjezaninso ena. Njinga yamoto ikagwa pa mtsetse, kapena khasu likatema mwendo kudimba la mbatata, dotolo woyamba ndi inu amene muli pafupi.

Pa nkhondo za ku Iraq ndi ku Afghanistan, madotolo a asilikali anatsimikiza chinthu chimodzi: mwa ovulala amene akanatha kupulumuka, ambiri ankafa ndi kutaya magazi, asanafike n'komwe kuchipatala. Choncho anaphunzitsa msilikali aliyense kuletsa magazi, osati anamwino okha. Inunso mungathe. Tengani nsalu yoyera, ngakhale chitenje, muipinde, mutsindike pabalapo mwamphamvu ndi manja onse awiri. Musamachotse n'kumasuzumira. Ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Dothi, ndowe, phulusa, fodya, zonsezi zisayandikire bala, zimabweretsa kafumbata. Wopsa ndi moto muthireni madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osati mafuta ophikira, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Amene wagwa pa njinga yamoto ndipo akudandaula khosi kapena msana, musamupinde, mumunyamule atagona pa thabwa kapena pa chitseko. Wovulala kwambiri musamupatse chakudya kapena chakumwa, ngakhale apemphe, chifukwa mwina akukalowa opaleshoni.

Ngati magazi a pa mkono kapena pa mwendo akuthovoka osaleka ngakhale mwatsindika, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa bala, chakumtunda kwa thupi, osati pa bondo kapena pa chigongono. Lowetsani kamtengo pa mfundo, mupotokole mpaka magazi aleke. Waya ndi chingwe chopyapyala ayi, zimadula mnofu. Mukamanga musamasule, akamasula ndi a kuchipatala. Ndipo iwo adzafunsa funso limodzi: mwamanga nthawi yanji? Chiwalo chikakhala chomangidwa maola ambiri chimayamba kufa, ndiye yankho lanu lidzawauza chochita. Yang'anani pa foni, mutenge cholembera, mulembe nthawiyo pa nsalu kapena pa khungu la wovulalayo, manambala akuluakulu ooneka bwino, mwachitsanzo 14:20.