Chuni n'cha eni, mawu ndi athu: nyimbo yagawa anthu paukwati ku Nsaru

Pa 23 Malichi 2026 padakwana zaka 65 chijambulireni nyimbo ya Can't Help Falling in Love mu situdiyo ina ku Hollywood. Kumadzulo kwa Lilongwe tsikulo palibe adalilabadira, poti Malichi ndi mwezi wothyola ndi kusoka fodya, aliyense amaswera kuchigafa. Koma fodya atapita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zitagulidwa, nyengo ya maukwati n'kuyamba, nyimboyi idatulukira yokha. Kuyambira m'maholo a pa Namitete ndi pa Mpingu mpaka m'zisakasa za ku Kabudula ndi ku Nambuma, n'kovuta kukhala paukwati mpaka madzulo osaimva.

Imamveka mosiyanasiyana. Ma DJ ambiri ali ndi ya reggae ija, imene gulu lina la ku Birmingham, ku England, lidatulutsa mu 1993 n'kukhala nayo pa nambala 1 ku America kwa masabata 7. Imeneyo ndi ya makolo a akwati a lero, amene m'chaka cha referendamu adali anyamata ndi atsikana ovina mpaka kutuluka thukuta, ndipo imaikidwa nthawi ya perekaniperekani kuti makolowo adzuke pamipando. Akwatibwi amafuna ina, yozizira, ya mawu a mtsikana ndi gitala, yochokera mu filimu ya 2018 ya Crazy Rich Asians, kuti izimveka iwo akamalowa. Yoyamba ija ya 1961, ya woimba wa ku Memphis amene dziko lidamutcha mfumu ya rock and roll, ali nayo ndi ochepa.

Ilipo yachinayi, imene simungaipeze mufoni ya munthu aliyense. Idamveka Loweruka lina la Ogasiti paukwati wa m'mudzi wina wa panjira yochoka pa Nsaru kupita ku Kabudula.

Tsikulo kudali mphepo ya fumbi. Akwati adakhala pansi pa tenti yabuluu, anthu ena onse m'chisakasa ndi pansi pa mitengo ya mango. Cha m'ma 3 koloko masana, perekaniperekani ali mkati, jenereta idatsokomola kawiri n'kuzima. Mnyamata wina adatumidwa panjinga yamoto kukasaka petulo pa Nsaru. Woyendetsa mwambo adayesa nthabwala ziwiri zitatu, koma popanda chimkuzamawu zidangothera m'mphepo, ndipo anthu adayamba kuzemba mmodzimmodzi kulowera kumene kudali thobwa. Mayi a mkwatibwi ankangoyang'ana lichero la ndalama, lomwe lidali lisadafike n'pakati pomwe.

Apa m'pamene padadzuka mkulu wina wa kuchikazi, malume awo a mayiwo, wazaka zopitirira 70. Adavala jekete yakuda yotuwa m'mapewa chifukwa cha dzuwa, chipewa chachikopa chopindika mbali imodzi, ndi nsapato za tayala. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi banjo yokulunga m'thumba la feteleza. Banjoyo adakhoma yekha: chigubu cha mafuta chodula pakati, chikopa cha mbuzi pamwamba, nsambo zinayi za waya wa mabuleki a njinga. Pambuyo pake padabwera mdzukulu wake atasenza babatoni, chingoma chachikopa cha ng'ombe chokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi. Mnyamatayo adachigoneka pansi, kukhala pamwamba pake, dzanja lina kamtengo komenyera nsambo, lina botolo lotsetsereka nalo. Mtsikana wina wa pulayimale adapatsidwa chisekese.

Mkuluyo sadafulumire. Adatenga nthawi kuchuna nsambo, khutu ataligunditsa pachigubu, ana akuseka. Kenako adayamba, nsambo imodziimodzi, kukwera n'kutsika, ndipo asadatulutse liwu ndi limodzi lomwe amayi achikulire adali atayamba kale kugwedeza mitu. Mawu ake ngokalipa pang'ono, a munthu wosuta chingambwe, koma saphonya. Ankaimba m'Chichewa cha kwawo konkuno, nkhani ya mnyamata amene wafika kudzafunsira mbeta alibe kanthu koma njinga yopanda mabuleki. Atsibweni a mtsikana akumuseka. Iye akulonjeza kuti amanga chigafa, alima munda wa apongozi, sadzadandaula ngakhale ndiwo zikhale za nkhwani chaka chonse. Kumapeto akupempha mkazi wake kuti alongo ake asadzamupitikitse nkhokwe ikadzadza. Mkamwini aliyense pamalopo adaseka moyang'ana pansi.

Nyimbo ya 1961 imayenda pang'onopang'ono, piyano ikugunda patatupatatu. Mkuluyu adangoifulumizitsa, kugunda kwake n'kugwera m'manja mwa amayi mosavuta, ngakhale amene sadaimvepo. Pamene ya Chingerezi imakhota pakati n'kulowa m'mawu achisoni, iye amadumphapo, chifukwa nsambo zinayi sizifika kumeneko; m'malo mwake amaliza likhweru, babatoni ikubuula pansi. Ndime iliyonse ikatha amayi amavomera. Nthungululu zidayamba ku chisakasa cha kuchikazi, a kuchimuna n'kulandira. Mkwatibwi, amene kuyambira m'mawa adali atazolika monga mwa mwambo, adadzutsa mutu n'kuseka mpaka mpango wa m'manja kugwa. Anthu adabwerako ku thobwa. Ma K100 ndi ma K200 adayamba kugwa, ena m'lichero, ena m'chipewa cha mkuluyo, mphepo n'kumaulutsa ena ana akuthamangitsa. Adaibwereza mpaka petulo kufika.

Mkangano udayamba jenereta italira. DJ, mnyamata wa pa Nsaru pomwepo amene amayenda ndi laputopu ndi masipika awiri pangolo, adatenga chimkuzamawu n'kuuza anthu kuti amvere bwino kumene agogowo adaba nyimbo yawo. Adaika ya reggae. Chuni chidali chomwecho, palibe akadatsutsa. Achinyamata adakuwa, ena akuloza mkuluyo. Nkhoswe ya kuchikazi idaimirira n'kunena kuti mwana sanganene mkulu kuti wakuba pamaso pa alendo, makamaka mkulu amene wangopulumutsa ukwati, ndipo idafuna kuti DJ apepese pomwepo. Iye adakana, amvekere sadatukwane munthu, wangonena chilungamo: nyimbo ndi ya azungu a reggae, agogo angoivundikira Chichewa.

Mkuluyo adayankha modekha kuti mu 1993 iye nyimboyi adali ataiimba kale zaka zambiri, ndipo ana ake oyamba adaleredwa nayo. Adati chuni adachimva ali mwana woweta mbuzi, pamene malume ake adabwera kuchokera ku Halale ndi njinga, suti, galamafoni ya mabatire ndi mbale zingapo. Mbale imodzi chipepala chake chapakati chidali chitafufutika, choncho palibe ankadziwa dzina la woimba. Ankaiika madzulo pakhonde, mudzi wonse utazungulira. Tsiku lina ana adaiiwala padzuwa, idapindika, basi kutha kwake. Chuni chokha n'chimene chidatsala m'mutu mwake, ndipo mawu adaikamo yekha nthawi imene ankafunsira mkazi wake, amene adamwalira. Kwa iye, ngati pali wakuba ndiye ndi a reggae aja.

Adawalanditsa ndi mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, ngakhale kulanditsa kwake kudangokuza nkhani. Adati onse awiri alakwa. Adafufuza mufoni mwake, netiweki ikubwera n'kuthawa, mpaka adapeza ya 1961 n'kupatsa mkuluyo kuti amvere. Mkuluyo adavula chipewa, foni n'kuigunditsa kukhutu monga amachitira pochuna banjo. Piyano itangoyamba adatseka maso, ndipo liwu litalowa adati ndi yemweyo, munthu wa m'mbale ya malume ake. Adaimvera mpaka kumapeto anthu ali chete. Mphunzitsiyo adafotokoza kuti woimbayo adaiimba mu filimu ya Blue Hawaii, kuti idafika pa nambala 2 ku America ndi pa nambala 1 ku Britain mu 1962, ndiponso kuti ndiyo ankatsekera zoimbaimba zake, kuphatikizapo komaliza ku Indianapolis mu Juni 1977, kutatsala masabata ochepa kuti amwalire.

DJ adati nanga si zomwezo, kuba n'kuba, kaya waba kwa uyu kapena kwa uyo. Mkuluyo sadagonje. Adati nyimbo ili ngati mbewu ya mbatata: umakapempha kholowa kwa mnzako, ukadzala m'munda mwako, n'kupalira wekha, mbatatayo sukaibweza kwa mwini kholowa. Amayi adaombera m'manja. Achinyamata adati zimenezo n'zakale.

Chimene sichidatchulidwe pansi pa mango paja n'chakuti nayenso wa ku Memphis sadapeke nyimboyi. Adailemba ndi anthu atatu a ku New York, ndipo nawonso chuni adachitsamiritsa pa nyimbo ya Chifalansa ya 1784 yotchedwa Plaisir d'amour, imene adapeka munthu wobadwira ku Germany koma wokhala ku France. Iwo sadapemphe kwa aliyense, chifukwa mwini wake adali atamwalira kalekale, mu 1816. Ya Chifalansayo si ya paukwati n'komwe: ndi dandaulo la mwamuna amene mkazi wamusiya n'kupita kwa wina. Ndipo mu filimu ya 1961 ija mnyamata amaiimba popereka mphatso ya kabokosi koimba kwa agogo a chibwenzi chake pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo. Kuchoka apo idaimbidwanso mofulumira mu 1970, idalowa m'disiko mu 1976, kenako reggae. Aliyense ankaidula ndi kuisoka momwe ikumukwanira, ndiye zimene wachita mkulu wa ku Nsaru sizachilendo m'mbiri ya nyimboyi.

Komabe DJ ali ndi pogwira. Lamulo la dziko lino la 2016 loteteza umwini wa ntchito zaluso limati nyimbo imakhala ya woipeka moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, ndipo ngati adapeka angapo, zakazo zimawerengedwa kuchokera pa womaliza kumwalira. Womaliza mwa atatu a ku New York aja adamwalira mu 2015, kutanthauza kuti nyimboyi ili ndi eni mpaka cha m'ma 2065. Kuisintha mawu, kuijambula ndi kuigulitsa kumafuna chilolezo. A reggae aja sadabe: pa chimbale chawo padalembedwa mayina a olemba, ndalama za umwini n'kumapita kwa eni. Lamulo lomweli ndi limene limatchinjiriza nyimbo za makolo athu, za chitelera kapena za gule wamkulu, kuti mlendo asangozitola n'kukapanga nazo malonda. Tikafuna kuti lititeteze uko, sitingalikane kuno.

Koma mawu akuti kuba ngolemera kuposa mlandu wake. Wakuba amabisa. Mkuluyu nkhani ya malume ake ndi mbale yopindika amaifotokoza yekha kwa aliyense womufunsa, ndipo dzina la woimba sankalitchula chifukwa lidafufutika iye asadaphunzire kuwerenga. Mawu ndi ake, likhweru ndi lake, kavomeredwe ka amayi n'kake, ndipo sadagulitsepo kaseti ngakhale imodzi. Komanso woloza chala uja ayambe wayang'ana m'laputopu mwake. Nyimbo zodzaza mmenemo zidachita kukopedwa kwa anzake, ndipo lamulo limene iye akutsamira limafunanso chilolezo kwa munthu woimbitsa nyimbo za eni pagulu n'kumalandirapo ndalama. Pa awiriwa, amene amadya ndi nyimboyi Loweruka lililonse si wa banjo.

Vuto lenileni lili kutsogolo. Mdzukulu woimba babatoni uja akufuna kutengera agogo ake ku situdiyo m'tauni kuti nyimboyo ijambulidwe iwo adakali ndi mphamvu. Achibale agawikana. Ena akuti ikapanda kujambulidwa ipita nawo kumanda, monga zapitira nyimbo zambiri za mabandi a banjo amene kale ankasangalatsa maukwati kuno masipika asadabwere. Ena, atamva za mphunzitsi uja, akuopa kuti ikamveka pawayilesi mwana wawo aitanidwa kukayankha mlandu. Mphunzitsiyo adawalangiza kuti akayambe afunsa ku ofesi yoona za umwini wa nyimbo, ndipo akajambula alembe poyera kuti chuni n'cha uje, mawu ndi a uje. Mkuluyo akuti zimenezo alibe nazo vuto, bola dzina la malume ake lilembedwenso.

DJ sadapepese, koma pomwe akwati ankatuluka adazimitsa masipika yekha kuti banjo iwaperekeze, ndipo pamsika wa Nsaru anthu akusiyanabe maganizo ngati kumeneko kudali kupepesa kapena kusunga petulo.

Pamsika womwewo, anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemore khadi akuti miyezi ino ndiyo amapanga ndalama, chifukwa banja lililonse lokonzekera ukwati limabwera ndi mndandanda wake. Ambiri amafuna za uzimu, amapiano ndi za oimba a kuno kwathu, zakunja zakale n'zochepa. Ya reggae ija amakhala nayo pafupifupi onse, ndipo ambiri amaisunga m'gulu la nyimbo za ku Jamaica.