Cibwenzi ca Nkhwangwa Kapena Cimbuya? Mapangano a Ana Athu m'Masewera a pa Intaneti

Makolo ambiri a ku Nkana East, ku Riverside ndi ku Parklands ali ndi dandaulo lofanana masiku ano. Mwana akaweruka kusukulu maso ake sacoka pa foni, ndipo ena amafika podzuka pakati pa usiku kuti aone ngati "mudzi" wao uli bwino. Mukamufunsa, amayankha kuti gulu lake lili pa nkhondo, kapena kuti atsogoleri aitanitsa msonkhano. Kholo limada nkhawa ndi nthawi imene ikutayika, tulo timene mwana akusowa, ndi ndalama zogulira intaneti. Nkhawa imeneyi njomveka. Koma pali mbali ina ya masewerawa imene sitiiganizira kawirikawiri. M'menemo ana athu amacita mapangano ndi anthu anzao, ndipo limafika tsiku limene ayenera kusankha kusunga lonjezo kapena kuliswa. Midzi ndi asilikali nzongopeka, koma wolonjezedwayo ndi munthu wamoyo.

MASEWERA OSAGONA

Masewera a mtunduwu alipo ambiri. Tribal Wars anayamba ku Germany mu 2003, Travian anatsatira mu 2004 m'dziko lomwelo, ndipo pa mafoni pali ena monga Lords Mobile ndi Rise of Kingdoms. Kaseweredwe kake nkofanana. Munthu amapatsidwa kamudzi pa mapu aakulu pamene pali midzi ya anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana. Amalima, amasonkhanitsa mitengo ndi citsulo, amamanga nkhokwe ndi malinga, naphunzitsa asilikali. Covuta ncakuti masewerawa sagona. Mwini mudzi akazima foni, mudziwo umatsala pa mapu, ndipo mdani wa ku dziko kumene kwaca kale akhoza kuufunkha.

Pacifukwa ici palibe amene amasewera yekha nthawi yaitali, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wosewera amalowa m'gulu lokhala ndi mtsogoleri, nduna, mkulu wa nkhondo ndi nthumwi. Mu Travian munthu sangalowe m'gulu asanamange nyumba ya kazembe m'mudzi mwake, ndipo amaloledwa kusankha anzake awiri omusungira mudzi iye akacokapo. Ife a ku Migodi sitingavutike kumvetsa kufunika kwa zimenezi. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Wosewera amene foni yake yathima alibe pothawira koma kwa mnzake wakutali amene sanamuonepo ndi maso.

NCHITO YA NTHUMWI

Palibe gulu limene lingamenyane ndi anansi ake onse nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene nthumwi imaonekera. Iyo ndiyo imalemberana makalata ndi magulu ena, kumva madandaulo, ndi kuzimitsa moto usanakule. Mapangano ofala ndi atatu. Loyamba ndi losaukirana, limene osewera amalichula mwacidule kuti NAP. Laciwiri ndi lothandizana, lakuti woputa mmodzi waputa onse. Lacitatu ndi la malire, lonena kumene gulu lililonse lingamange midzi yatsopano. Ena amaonjezapo mfundo yakuti wofuna kuthetsa pangano acenjeze mnzake tsiku limodzi kapena awiri nkhondo isanayambe, ndi kuti membala amene waukira bwenzi abweze zimene wafunkha.

Tsono funso lalikulu nali: pangano lotere likasweka, mlandu umapita kwa yani? Ukwati uli ndi ankhoswe, malire a munda ali ndi mfumu, ngongole ili ndi khoti. Pangano la m'masewera lilibe ngakhale cimodzi ca izi. Mu Tribal Wars, kulemba gulu lina kuti ndi bwenzi kumangosintha mtundu wa midzi yao pa mapu. Sikuletsa aliyense kutumizako asilikali. Zimene zimacirikiza pangano ndi ziwiri zokha: phindu limene mbali zonse zikupezapo, ndi mbiri ya anthu amene alonjezawo.

Phindu limasintha. Mu Travian amapambana ndi okhawo amene ayamba kumaliza cinyumba codabwitsa ca masitepe 100, motero magulu amene akhala pa mtendere miyezi yambiri amadziwa kuti kumapeto mpando ndi umodzi. Makolo athu anaciona kale cimeneci pamene anati cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera. Pokwera mumtengo munthu amaikoleka bwino paphewa. Akatha kudula nthambi amaiponya pansi.

KUMENE ZINACOKERA

Tate wa masewera a mapangano ndi Diplomacy, amene Allan Calhamer wa ku America anawatulutsa mu 1959. Poyamba ankaseweredwa pa tebulo, kenaka kudzera m'makalata a pa positi, ndipo lero amaseweredwanso pa intaneti. Anthu 7 amatenga maufumu 7 a ku Ulaya nkhondo ya 1914 isanabuke: England, France, Germany, Italy, Austria-Hungary, Russia ndi Turkey. Pa mapu pali malo ofunika 34, ndipo wogwira 18 ndiye wapambana. Mulibe maere kapena mwai. Osewera amakambirana kumbali awiriawiri, kenaka aliyense amalemba mobisa kumene asilikali ake apite, ndipo mapepala onse amavundukulidwa pamodzi. Pamenepo ndi pamene munthu amadziwa ngati mnzake ananena zoona. Malamulo ake amalola poyera kuti wosewera asasunge zimene walonjeza, komabe palibe amene angafike pa 18 popanda mnzake womucirikiza. Wonama msanga amatsala yekha, pakuti enawo aona.

Mu 2022 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inalengeza kuti makina ake oganiza ochedwa Cicero anasewera Diplomacy maulendo 40 pa intaneti ndi anthu, napeza mapointi oposa kawiri a wosewera wamba. Eni ake anati anawaphunzitsa kunena zoona nthawi zambiri, koma mu 2024 ofufuza ena anaonetsa kuti makinawo ananyenga anzao m'masewera ena.

Kumene mapangano amalemera koposa ndi mu EVE Online, amene kampani ya CCP ya ku Iceland inawayambitsa mu 2003. M'menemo magulu a anthu zikwi zambiri amalamulira madera a nyenyezi kwa zaka, ndipo ali ndi akazembe, azondi ndi osunga cuma. Mu Febuluwale 2009 gulu lamphamvu lochedwa Band of Brothers linatha tsiku limodzi lokha. Silinagonje pa nkhondo. Mmodzi wa atsogoleri ake, amene anali ndi makiyi onse, anapita mobisa kwa adani ao a Goonswarm nalithetsa ali m'kati. Mu Januwale 2014 kunabuka nkhondo pa malo ochedwa B-R5RB cifukwa cakuti msonkho wa malowo sunalipidwe pa nthawi yake. Mapangano othandizana anakokera magulu ambiri m'nkhondoyo, imene inatenga maola pafupifupi 21. Zombo zazikulu koposa 75 zinaonongeka, ndipo zotayika zonse anaziwerengera kuti zinafika pa madola pafupifupi 300,000. Zambiri mwa izo zinali thukuta la miyezi ndi zaka la anthu amene anakhulupirira atsogoleri ao.

PEPALA LOPANDA COONA

Mwana wa ku Kitwe safunika kupita ku Iceland kuti aphunzire za mapangano, pakuti nthaka imene akupondapo ili ndi nkhani yake. Mu Juni 1890 Frank Lochner, nthumwi ya British South Africa Company ya Cecil Rhodes, anasainirana pangano ndi Litunga Lewanika wa Alozi. Lewanika anafuna citetezo ca Mfumukazi Victoria, ndipo anakhulupirira kuti akupangana ndi boma la Mfumukaziyo, pamene kwenikweni anali kupangana ndi kampani yofuna miyala ya mtengo wapatali. Pambuyo pake kampaniyo inaimirira pa mapangano ake ndi Lewanika ponena kuti mkuwa wa kuno ndi wake, ngakhale kuti dziko lino ndi la Alamba, ndipo dzina lenilenilo la Nkana ndi la mfumu yao. Kwa zaka zambiri inalandira gawo lake pa mkuwa wokumbidwa kuno. Inasiya ufuluwo pa maola omaliza Zambia asanadzilamulire pa 24 Okutobala 1964, italandira mapaundi 4 miliyoni, theka kucokera ku Britain ndi theka kucokera ku Zambia.

Pangano limenelo linali ndi pepala, siginecha ndi mboni. Cimene linasowa ndi coona pakati pa opanganawo, ndipo analipira ndi anthu amene sanafunsidwe konse.

PANGANO LOPANDA PEPALA

Pali pangano lina limene timaliona ndi maso pa maliro alionse a kuno ku Migodi. Angoni, ataoloka Zambezi mu 1835 motsogoleredwa ndi Zwangendaba, anadzamenyana ndi Abemba ca pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo palibe mtundu umene unagonjetseratu unzake. Pa udani umenewo panaphuka cimbuya. Lero wa kum'mawa amanena Mbemba kuti ndi wakudya anyani, Mbemba nabwezera kuti wa kum'mawa ndi wakudya mbewa, ndipo onse amaseka. Maliro akagwa, ambuya ndiwo amathamanga ndi nchito, kupaka anamfedwa ufa, ndi kubweretsa kuseka pamene pali misozi. Katswiri wa za cikhalidwe J. Clyde Mitchell analemba za ubale wotere m'matauni a ku Migodi mu 1956, ndipo mpaka lero ulipo.

Cimbuya cilibe pepala kapena khoti, monga momwe mapangano a m'masewera alibe. Cakhalitsa cifukwa cakuti mbali zonse zimadziwa kuti zidzakumananso, ndipo aliyense amacita mbali yake pa tsiku lovuta, pamene palibe cimene akupindulapo. Osewera okhwima amadziwanso zomwezi. Masewera a Travian akatha amayambanso, maina omwewo amakumana pa mapu atsopano, ndipo gulu limene linabaya bwenzi lake kumsana limavutika kupeza wolikhulupirira.

KHOLO LINGACITENJI?

Kulanda foni kumathetsa phokoso la usiku umodzi, koma sikutiuza kuti mwana wathu akukhala munthu wotani pakati pa anzake. Ndi bwino kukhala naye pansi ndi kumupempha kuti atilongosolere. Gulu lako lili ndi anthu angati? Udindo wako ndi wotani? Munapangana ndi yani, ndipo munalonjezana ciani? Pangano lanu lomaliza linatha bwanji? Mwana amene saonetsa cidwi pa nkhani zina akhoza kulankhula ola lathunthu pa izi, ndipo m'mayankho akewo kholo lidzamva zambiri.

Kenaka timuthandize kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kubisa colinga cako kwa mdani ndi mbali ya masewera, monga wosewera mpira amene amayang'ana kumanzere namenyera kumanja, kapena wa nsolo amene amachera mnzake msampha. Mu Diplomacy onse 7 amakhala pansi akudziwa kuti cinyengo nciloledwa. Koma kulandira makiyi a mnzako amene wakudalira miyezi yambiri, nkumugulitsa kwa adani, ndi nkhani ina. Amene wapwetekedwa ndi munthu, ndipo amene wazolowera kutero ali ndi zaka 16 sadzaona cacilendo kutero pa nchito kapena m'banja.

Timuphunzitsenso kusalonjeza mopupuluma, pakuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mwana amene akukonzekera mayeso a Giredi 12 asavomere udindo womudzutsa 2 koloko usiku. Ngati sangathe kupitiriza, auze anzake poyera ndi pa nthawi yabwino, atule udindo, m'malo mongozimirira. Ndipo adziwe malire a cikhulupiriro: nambala yacinsinsi ya foni, ya ndalama za pa foni, zithunzi zake ndi kumene amakhala sizipatsidwa kwa munthu wodziwana naye m'masewera cabe, ngakhale atakhala bwenzi lotani pa mapu.

Pomaliza, ana amaphunzira kulemera kwa mau poyang'ana ife. Ngati tinalonjeza kubweza ngongole kumapeto kwa mwezi ndipo wokongoza akagogoda timauza mwana kuti akanene kuti tacokapo, tamuphunzitsa kale za mapangano kuposa masewera alionse. Ngati m'cilimba timalandira ndalama pa nthawi yathu koma nthawi ya anzathu ikafika tili ndi zifukwa, nayenso adzaona kuti nkhwangwa imaponyedwa pansi nchito ikatha. Koma akationa tikunyamuka usiku kupita ku maliro a ambuya athu ku Wusakile kapena ku Chimwemwe popanda wotikakamiza, adzadziwa cimene cimasunga pangano pamene palibe wolilondera.