Sitolo ikugulitsani sikuta, koma msewu sukulolani

Ntchito yanga kuno ku England ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, koma funso limene landichulukira masiku ano si la magiya. Ndi la sikuta yamagetsi, kanjinga koimirirapo kaja kamene kamakudutsa mwakachetechete ngati mphaka. "Aphunzitsi, ndagula yoti ndizipitira ku shifiti. Pali vuto?" Vuto lilipo, ndipo wogulitsa amalibisa m'timalemba ting'onoting'ono.

Kugula sikuta si mlandu. Mlandu ndi kukwera sikuta yanuyanu pamsewu, m'njira ya njinga kapena moyenda anthu apansi. Mungaikwere pamalo a munthu pokha, mwini malowo atalola. Lamulo la Road Traffic Act la 1988 limaiika sikuta m'gulu la galimoto, choncho imafunika inshuwalansi, kulembetsa ndi nambala, zinthu zimene sikuta ya m'sitolo ilibe. Lamulo loletsa kuyendetsa chinthu moyenda anthu apansi ndiye ndi nkhalamba, la 1835, nthawi ya ngolo za akavalo.

Nanga aja amayenda nawo poyera ku London, apolisi akuona? Amenewo ndi masikuta obwereka. Boma linayamba kuwayesa m'mizinda ina mu July 2020, ndipo London inalowamo mu June 2021. Inshuwalansi imakhala ya kampani yobwereketsa. Inu mufunika laisensi, ngakhale ya wophunzira. Liwiro silipitirira mamailo 15.5 pa ola, ndipo ku London analitsitsa kufika pa 12.5. Wokwera ndi mmodzi. Zokwezana ngati pa kabaza kulibe.

Chimene chimandiwawa ine monga mphunzitsi ndi mapointi. Akakugwirani pa sikuta yopanda inshuwalansi, chindapusa ndi mapaundi 300, sikuta angathe kulanda, ndipo laisensi yanu imadindidwa mapointi 6. Mapaundiwo munthu amalira n'kulipira. Koma pali lamulo la 1995 lokhudza madalaivala atsopano: ukafikitsa mapointi 6 pasanathe zaka ziwiri chikhozereni mayeso, laisensi amailanda, n'kuyambiranso mayeso onse awiri, a mafunso ndi a pamsewu. Ndinaphunzitsapo mayi wina wosamalira okalamba amene anakhoza ulendo wachitatu, titavutika naye miyezi yambiri pa zozungulira za pamsewu. Galimoto anali asanagule, ndiye anabwereka sikuta ya mwana wake kuti athamangire shifiti ya usiku. Atagwidwa, anabwerera kwa ine ndi chikwangwani cha L. Amene mumati mukamwa mowa musiye galimoto n'kukwera sikuta, dziwani kuti mlandu wake ndi womwewo wa woyendetsa galimoto ataledzera.

Ngakhale pa yobwereka, vuto ndi matayala. Ndi aang'ono ngati mbale yodyera, ndipo dzenje limene njinga yakapalasa imangodumpha, sikuta imakodwamo. Inu mwaima chilili, kulemera kwanu konse kuli m'mwamba, choyamba kufika pansi ndi nkhope. Ikani phazi lina kutsogolo lina kumbuyo, pindani mawondo pang'ono, ndipo pogwira buleki kokerani thupi kumbuyo. Musalowe pakati pa lole ndi m'mphepete mwa msewu pamene loleyo ikukhotera kumanzere, dalaivala sakukuonani. Helemeti lamulo silikakamiza, koma ine sindingakwere popanda.

Kwatsala batire. Mu December 2021 bungwe la Transport for London linaletsa kulowa ndi sikuta yako m'sitima ndi m'mabasi ake, sikuta ina itayaka m'sitima pa siteshoni ya Parsons Green. Batire ya lithiamu ikayamba kuyaka sichedwa, ndipo utsi wake ndi wa poizoni. M'nyumba zambiri zimene ndimakatengako ophunzira ndimaipeza sikuta ili pa chaja m'kakhonde ka pakhomo, usiku wonse, pa njira yokhayo yotulukira. Masiku ano ndisanayambe phunziro ndimapempha kaye kuti aisunthe.