Fit ya 1.3 ingasanduke 1.5? Funso la pa chitunda cha Likhubula

Msewu wa tala wochoka pa Chitakale kulowera ku Phalombe suvuta galimoto iliyonse. Nkhani imayamba ukapatuka pa Likhubula kukwera ku ofesi ya zankhalango, kumene alendo amayambira ulendo wa ku Chambe kapena ku Dziwe la Nkhalamba. Anthu anayi, zikwama zawo kumbuyo, ka hybrid kaja kamangolira osayenda. Ndine wa konkuno, ndipo funso limene ndalimva kangapo kwa anyamata onyamula alendo ndi ili: bwanji osangotenga zamkati mwa injini ya 1.5 n'kuziika mu 1.3?

Funsoli si lopusa ayi. Honda Fit Hybrid ya 2010, ija amati GP1, ili ndi injini ya 1,339cc. Abale ake, CR-Z ya 2010 ndi Freed Hybrid ya 2011, ali ndi 1,496cc. Chokopa n'chakuti kukula kwa mabowo a masilinda n'kofanana, mamilimita 73. Kusiyana kuli pa mtunda umene pisitoni imayenda: 80 mu Fit, 89.4 mu CR-Z. Munthu ukawerenga zimenezi pa foni usiku, umangoti basi, ndi nkhani ya crankshaft. Ma cc 157 aulere!

Aulere pati? Crankshaft ya 1.5 imakankha pisitoni kupitirira pamene inkalekezera ndi mamilimita 4.7. Pa rula n'kachinthu kochepa, koma mkati mwa injini n'zokwanira kuti pisitoni ikamenye cylinder head. Ndiye pafunika mapisitoni ena ndi ma con rod ena. Ma head akenso ndi osiyana: ya Fit ili ndi mavalavu 8 ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, pomwe ya CR-Z mavalavu ndi 16, mapulagi 4. Tikafika apa mwagula kale theka la injini ina, pa mitengo ya ku Limbe ya masiku ano, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Ndipo chovuta chenicheni sitinachikhudze. Mu hybrid injini siyenda yokha. Imamvana ndi mota yamagetsi komanso batire kudzera m'makompyuta, ndipo makompyutawo anawauza ku fakitale kuti mnzawo ndi wa 1.3. Mukamusintha mwakachetechete, muyeso wa petulo ndi nthawi yothethetsa moto sizigwirizananso ndi mpweya umene ukulowa. A Honda eni ake atafuna Fit yamphamvu mu 2012 anatulutsa Fit Hybrid RS, koma anaikamo injini yonse ya 1.5 pamodzi ndi kompyuta yake. Sanasoke zigamba.

A Toyota musavutike n'komwe. Aqua, Fielder Hybrid ndi Sienta Hybrid ya 2015 zonse zili ndi injini imodzimodzi, 1NZ-FXE, palibe chobwerekana. Ya 1.8 ya mu Prius ya 2009 ndi ya banja lina, mabowo ake ndi 80.5 pomwe a Aqua ndi 75. Komanso taonani izi: injini ya Aqua ndi ya Probox yapetulo zonse ndi 1.5, koma ya Aqua imatulutsa ma horsepower 74, ya Probox oposa 100. Anachita dala, kuti izimwa pang'ono. Si chifukwa chake munaigula, mutatopa kugona pa mzere wa mafuta?

Kwa ine, wolakwa pa chitunda chathuchi nthawi zambiri ndi batire. Aqua ya 2012 yadutsa zaka khumi kalekale. Mota yake yokha imapereka ma horsepower 61, ndiye batire likatopa kapena likatentha, kompyuta imachepetsa thandizo limeneli ndipo injini imatsala yokha ndi katundu. Fani yoziziritsa batirelo imakoka mpweya pansi pa mpando wakumbuyo, pomwe fumbi lathu la mu October limadzazana, pomwenso mlendo amatsamiritsapo chikwama. Yambani mwatsukitsa fani imeneyo, kenako makaniko wodziwa ma hybrid aike makina aone ngati maselo onse ali bho. Mawaya a orenji aja musawagwire nokha, aise, muli ma volt 144.

Amene mwatsimikizabe mtima, gulani half-cut: injini, mawaya ndi kompyuta zochokera m'galimoto imodzi. Mukatero pitani ku Road Traffic akasinthe nambala ya injini m'mapepala, ndipo a inshuwalansi muwauze musananyamule mlendo woyamba.