MUNTHU WOSANDUTSA MPWEYA KUKHALA MWALA

Tsiku lina m'kalasi aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti kuli anthu amene amasandutsa mpweya kukhala mwala. Ine ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Koma nditawerenga ndinapeza kuti nzoona, ndipo ndati ndikugawireniko, inu anzanga, makolo ndi ansembe athu.

Mmodzi mwa anthuwa ndi Sigurður Gíslason wa ku Iceland. Iyeyu ndi katswiri wa geochemistry, maphunziro ofufuza zimene zili m'miyala ndi m'madzi ndi momwe zimasinthira zikakumana. Analandira digiri ya udokotala ku Johns Hopkins University ku Amereka m'chaka cha 1985, nabwerera kwawo kukagwira ntchito pa yunivesite ya Iceland. Kwa zaka zambiri ankangoyeza madzi a m'mitsinje kuti adziwe momwe mwala wakuda wa basalt umasungunukira.

M'chaka cha 2007 yunivesiteyo, kampani ya Reykjavik Energy ndi akatswiri a ku France ndi ku Amereka anayambitsa ntchito yotchedwa CarbFix pa malo opangira magetsi a Hellisheiði. Njira yake ndi iyi: mpweya wa carbon dioxide, umene umatenthetsa dziko, amausungunula m'madzi monga zimakhalira m'botolo la zoziziritsa kukhosi. Madziwo amawapopera pansi mamita oposa 400. Kumeneko amadya basalt natulutsa calcium, magnesium ndi chitsulo, ndipo izi zikagwirana ndi mpweya uja zimapanga mwala woyera.

Anayesa mu 2012. Ambiri ankaganiza kuti patenga zaka mazanamazana, koma mu 2016 analengeza kuti magawo oposa 95 pa 100 alionse anasanduka mwala zisanathe zaka ziwiri.

Komabe njirayi ili ndi vuto lake. Tani imodzi ya mpweya imafuna matani a madzi pafupifupi 25, pamene dziko lonse limatulutsa matani oposa 30 biliyoni pachaka. Choncho kuchepetsa utsi ndi kusunga mitengo kudakali ntchito yathu tonse.

Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu 2023 sitinganene kuti nkhani ya nyengo siitikhudza. Malemu Papa Fransisko, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa udindo wosamala chilengedwe. Tsono anzanga, tisanyoze sayansi poganiza kuti wansembe saifuna. Mawa akhristu athu akadzatifunsa za nyengo, tidzawayankha chiyani?