NSOMBA YA MASO OWALA NDI MAKINA OIFUNIRA

M'maiko a Canada ndi United States muli nsomba ya m'nyanja zopanda mcere imene asodzi a kumeneko amaikonda koposa. Dzina lace ndi walleye. Thupi lace n'lalitali, looneka ngati golide wosakanizika ndi kubiriwira, pamimba poyera, ndipo kunsonga ya mcira ca m'munsi kuli banga loyera. M'kamwa mwace muli mano akuthwa, pakuti cakudya cace ndico tinsomba. Zambiri zimene anthu amawedza zimalemera paundi imodzi kufikira atatu, koma imene inalembedwa kuti ndiyo yaikuru koposa inalemera mapaundi 25, ndipo inagwidwa m'nyanja ya Old Hickory ku Tennessee m'caka ca 1960. Mnofu wace n'ngoyera, wokoma, wa minga yocepa. M'caka ca 1965 boma la Minnesota linaisankha kuti ikhale nsomba yoimira cigawo cao.

Cinsinsi ca nsomba imeneyi ciri m'maso. Mkati mwa diso lace, ca kumbuyo, muli kakhungu konyezimira kamene kamabweza kuunika, monga momwe maso a mphaka amawalira usiku pounikidwa ndi nyali. Cifukwa ca ici walleye imaona bwino mumdima ndi m'madzi obvunduka, momwe tinsomba timene imadya timalephera kuona mdani. Koma dzuwa lowala limaibvuta. Usana imatsikira kozama, kapena kubisala m'udzu wa m'madzi ndi m'mbali mwa miyala. Madzulo ndi m'mbandakuca imakwera kudzasaka m'madzi osaya. Tsiku la mitambo, kapena mphepo ikautsa timafunde, imadya ngakhale masana.

Cotero nchito yaikuru ya msodzi wa walleye ndiyo kupeza pamene iri. Asodzi akale ankayesa kuya kwa madzi ndi cingwe comangako citsulo. Akapeza mulu wa miyala pansi pa nyanja, ankaloweza malowo poyang'ana mtengo ndi nyumba za kumtunda. Pa mbedza ankaika kansomba kamoyo, nyongolotsi kapena msundu, monga amacitira kufikira lero. Nzeru imeneyi inkatenga zaka zambiri kuiphunzira, ndipo nsomba zocuruka zinkapulumuka cabe cifukwa panalibe wodziwa kumene zinali.

Zinthu zinasintha ndi makina oyesa madzi ndi mau. Sitima za panyanja zazikuru zinali nao kale makina otere, koma anali akuru ndi a mtengo wapatali. M'caka ca 1957 Carl Lowrance ndi ana ace awiri anayamba kampani ku Joplin, m'cigawo ca Missouri, ndipo m'caka ca 1959 anaturutsa kabokosi kobiriwira kamene munthu akanatha kunyamula m'manja ndi kuika m'boti laling'ono.

Kagwiridwe kace ka nchito n'kosabvuta kumva. Munthu akafuula pafupi ndi phiri, liu lace limambwerera. Phiri likakhala kutali, liulo limacedwa. Pansi pa boti amamangapo kacipangizo kochedwa transducer, kamene kamaponya liu m'madzi, liu losamveka m'makutu a munthu, ndi kumvera kubwerera kwace. M'madzi opanda mcere liu limayenda mafiti pafupi-fupi 4,800 pa sekondi imodzi. Ngati madzi ali akuya mafiti 24, liu limapita ndi kubwera mafiti 48, ndiko kuti gawo limodzi la magawo 100 a sekondi. Makinawo amawerenga nthawi imeneyi naonetsa kuya kwace pagalasi. Miyala imabweza liu mwamphamvu, matope amalibweza mofooka, motero msodzi amadziwa cimene ciri pansi. Nsomba nayo imaoneka, makamaka cifukwa ca thumba la mpweya liri m'mimba mwace, limene limabweza liu bwino koposa mnofu.

Koma liulo silifika ponse-ponse. Limatsika likufutukuka ngati kuwala kwa tochi, kotero kuti pa makina ambiri, m'madzi akuya mafiti 30, malo ooneka pansi ndi otambalala mafiti 10 okha. Nsomba yokhala pambali pang'ono siioneka konse.

Boti la walleye la masiku ano kawiri-kawiri limakhala ndi zinthu zinai. Coyamba ndico makina a mau amene afotokozedwawa. Caciwiri ndi GPS, yolandira zizindikiro kucokera ku masetilaiti a m'mlengalenga nionetsa pa mapu pamene boti liri. Kufikira mwezi wa May 2000 boma la United States linkasokoneza dala zizindikirozo kwa anthu wamba. Litaleka, msodzi anayamba kubwerera pa mulu womwewo wa miyala osaphonya kwambiri, ngakhale usiku kapena m'nkhungu. Cacitatu ndi kainjini kamagetsi koyendetsa boti mwakacetecete, kamene O. G. Schmidt anayamba kupanga ku Fargo, North Dakota, m'caka ca 1934. Tamakono timamvana ndi GPS, ndipo timaimika boti pamalo amodzi popanda nangula, ngakhale mphepo iombe. Cacinai ndi mabatire.

Makina abwino oikidwa molakwika amanama, n'cifukwa cace amisiri amasamala zinthu zingapo. Transducer iyenera kukhala yowongoka, kunsi kwace kuli m'madzi nthawi zonse, ndiponso kutali ndi thovu loturuka pansi pa boti ndi pa cipalasiro ca injini, pakuti thovu limatsekereza liu. Waya wace asayende pamodzi ndi waya wa kainjini kamagetsi, cifukwa magetsi a kainjiniko amadzetsa mizere yacabe pagalasi. Pafupi ndi batire payenera kukhala fyuzi, kuti waya akapsa boti lisayake moto pakati pa nyanja. Ndipo batire yolizira injini yaikuru ikhale payokha, yosadyedwa ndi makina ena. Apo ai, msodzi adzaona nsomba tsiku lonse, koma madzulo adzalephera kubwerera kwao.

Makinawa akupitabe m'tsogolo. M'caka ca 2005 kampani ya Humminbird inaturutsa makina oonetsa za kumanja ndi kumanzere kwa boti. M'caka ca 2018 kampani ya Garmin inaturutsa LiveScope, imene imaonetsa nsomba ziri kusambira nthawi yomweyo, kutsogolo kwa boti. Msodzi amaona nyambo yace ikutsika, naona nsomba ikutembenuka kudzailondola. Apa mpamene panabuka mkangano pakati pa asodzi eni ace. Ena akuti nsomba kuiona sikuigwira, pakuti ikhoza kukana nyambo. Ena akuti pobisala pa walleye patha.

Bvuto limodzi n'lodziwika bwino. Walleye siitha kuturutsa msanga mpweya wa m'thumba lace. Ikakokedwa kucokera kozama koposa mafiti 30, mpweyawo umafufuma, mimba imakankhidwira kukamwa, maso amatong'oka. Msodzi angaibwezere m'madzi ndi mtima wabwino, koma zambiri zotere zimafa. Makina amene amaonetsa gulu la nsomba kozama amamuika msodzi pa ciyeso coti awedze ndi kubweza tsiku lonse, akuyesa kuti sanaphe kanthu.

Anthu a kumeneko anaona kale kuti nsomba za m'nyanja zimatha. M'nyanja ya Erie munali mbale wa walleye wochedwa blue pike, amene ankagwidwa wocuruka ndi maukonde. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anazimirira, cifukwa ca kugwidwa kopitirira ndi kuipitsidwa kwa madzi, ndipo m'caka ca 1983 kunalengezedwa kuti mtunduwo unatheratu. Paja akuru-akuru anati madzi akatayika saoleka.

Ku Red Lake, m'cigawo ca Minnesota, kunacitika zina. Walleye zitacepa koopsa, anthu a mtundu wa Ojibwe, amene ali eni gawo lalikuru la nyanjayo, analeka okha usodzi wao wa malonda m'caka ca 1997. M'caka ca 1999 anapangana ndi boma kuti pasakhale wotenga walleye m'nyanja yonseyo, ndipo anathiramo tiana ta nsomba. M'caka ca 2006 usodzi unatsegulidwanso, nsomba zitacuruka. Cinawathandiza n'cakuti walleye yaikazi imaikira mazira zikwi zambiri-mbiri pa miyala ya m'madzi osaya, cisanu cikangotha. Ikapatsidwa mpata, imadzaza nyanja.

Si makina amagetsi amene anaononga nyanja ziwirizi, koma phunziro lace likukhudza makinawo. Kale walleye inkachinjirizidwa ndi mdima ndi kuya kwa madzi. Tsopano zimenezi zacotsedwa, ndipo catsala ndi malamulo ndi mtima wa msodzi. Maboma amaika ciwerengero ca nsomba zimene munthu angatenge pa tsiku. M'nyanja zambiri amalamula kuti za msinkhu wobereka zibwezedwe. Ndipo ku Minnesota usodzi wa walleye m'nyanja zambiri umatsekedwa nthawi yoikira mazira kufikira mwezi wa May. Koma palibe kapitao wokwera m'boti liri lonse. Msodzi amene galasi lace lamuonetsa nsomba pa mafiti 40, iye atakwanitsa kale zakudya zace, ndiye yekha angaganize zopinda cingwe ndi kuzisiya kuti zidzaikire mazira caka ca mawa.